Ndinapala Chimene Sichinali Mwaye

Chitsulo chatsopano ine ndimayamba ndachinunkhiza ndisanachiyang'ane. Anzanga pa galaja pathu ku Balaka amandiseka kuti ndinabadwa ndi mphuno ya galu, koma mphuno yomweyi yandipulumutsa kambirimbiri. Beringi yakale akaitsuka n'kuikulunga m'pepala latsopano, fungo la palafini silibisala. Fyuluta yabodza imapepuka m'manja. Ndinaonapo manozo opopera mafuta mu injini, ozulidwa m'galimoto yangozi, opukutidwa mpaka kuwala, ali m'kabokosi kooneka bwino kuposa kenikeni. Zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza mapampu a dizilo zinandiphunzitsa kuti wamalonda akamakusekerera kwambiri, iwe uziyang'ana m'bokosi. Nzeru imeneyi ndinkainyadira, ndipo ndinkaiphunzitsa aliyense ngakhale asanandifunse.

Panali munthu mmodzi yekha amene katundu wake sindinkamununkhiza. Anali mnzanga, Myao wa kwa Kawinga, Msilamu, mwini kashopu ka masipeya pa Ulongwe, m'mbali mwa msewu moyang'anana ndi poima maminibasi. Tinadziwana tili anyamata, tonse tikumata matayala a njinga, ine Mkatolika wa kwa Nsamala wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chiyao. Ankandinyoza kuti ndimanunkha nkhumba, ine n'kumamubwezera kuti amatseka shopu Lachisanu masana dala, podziwa kuti magalimoto a makasitomala anga amafa tsiku lomwelo. Mwana wanga woyamba atabadwa, nsalu yoyamba kumufunditsa inachokera kwa mkazi wake, ndipo mtsikanayo anakula akumuitana kuti ankolo. Shopuyo inali yaing'ono, yosafika ngakhale theka la mashopu a ku Liwonde. Chimene chinkaiyendetsa linali dzina la mwiniwake basi. Amakaniko ankakwera minibasi kuchokera ku Ntaja, ku Balaka, ena ku Mangochi, kudutsa mashopu akuluakulu panjira, chifukwa ankati kwa Myao wa pa Ulongwe kulibe feki. Banja lake lonse linkadya dzina limeneli.

Chaka chimenecho, chimanga chitangoyamba kutuluka m'minda, anandibweretsera galimoto mayi wina amene amagula mbewu m'midzi n'kumakagulitsa m'tauni. Inali pikapu ya masiku ano, zija injini yake imamvera kakompyuta, ndipo pampu yake inali itafa. Mapampu otere ndinali nditatsegulapo awiri okha moyo wanga wonse. Mayiyo sindinamuuze zimenezo. Ndinamuuza kuti mapampu onse ndi amodzi, amasiyana utoto basi, ndipo anachoka akundikhulupirira. M'kati mwa pampu yotere muli tizitsulo tiwiri tonga zala, timatitcha mapulanja, timene timakankha mafuta mwamphamvu kupita ku injini. Timeneti ndi timene tinatha. Ndinamuimbira mnzanga uja kuti andipezere atatu, awiri oika ndi imodzi yosunga. Anati zinthu zimenezo n'zosowa, koma ayesa kufunsa kwa anthu ake akutali.

Patatha masabata awiri anandiitana. Unali mwezi wawo wosala kudya, umene iwo amati kufunga, ndipo ndinamupeza atakhala duu kuseri kwa kauntala, milomo itauma. Za nkhumba sanazitchule. Anandipatsa kapaketi kolembedwa zilembo zimene sindinathe kuziwerenga, nandiuza kuti amene anamugulitsa anatsindika chinthu chimodzi: ndikaike momwe aliri, ndisakawapale kapena kuwanola. Ponena zimenezi maso ake anali kunja, pa msewu. Pakhomo panali njinga yamoto yatsopano, pulasitiki ikadali pa mpando, ndipo atandiuza kuti ndi yake ndinamuyamikira ndi pakamwa pokha.

Kapaketiko ndinakatsegulira ku galaja. Mapulanja amene ndinkawadziwa ine ndi oyera, owala ngati mpeni wonola. Awa anali akuda bii, osalala ngati nthanga za mpoza. Kumapeto kwake, pamene kudako kunkathera, kunali timizere tobiriwira ndi tofiirira. Mitundu imeneyo makaniko aliyense amaidziwa, ndi ya chitsulo chimene chayenda chopanda mafuta mpaka kupsa. Ndinanunkhiza, koma sindinamve fungo lililonse, ndipo kusanunkhako kunandikayikitsa koposa.

Ndinakhala pa tayala, zinthu n'kuyamba kugwirana m'mutu. Munthu wodziwa kuseka wangoti chete. Munthu wozolowera kuyang'ana m'maso wayang'ana kumsewu. Njinga yamoto waigula ndi chiyani, malonda onse akulira chaka chino? Ndiye wandiuziranji kuti ndisapale? Munthu sakuletsa kuvundukula poto ngati m'kati muli zabwino. Zoti munthu amene sanamwe madzi kuyambira m'bandakucha salongolola, ndinkazidziwa bwinobwino, zaka zonsezi ndinkamuona akufunga. Koma tsiku limenelo maganizo amenewo sindinawapatse mpando. Ndinadziuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, awa ndi mapulanja opsa amene wina wawadetsa kuti zipsera zisaoneke.

Ndinatenga kansalu n'kupukuta, osachoka. Ndinawaviika m'petulo, kenako m'thina yosungunulira penti, osachoka. Ndinayesa lezala, lezalayo n'kumangotsetsereka ngati ndikupala galasi. Apa munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa. Ine ndinangoti akuba a masiku ano apita patsogolo. Ndinatenga phala lija timanolera mavalavu, lamchenga wolimba, n'kukhala nawo pansi pa mtengo. Ndinayamba nditangodya nkhomaliro. Dzuwa linapendeka, zala zinatupa, koma ndinapala awiri mpaka chitsulo choyera chinaonekera. Chinali chosalala, chopanda chipsera ndi chimodzi chomwe. Ngakhale zimenezi ndinazipezera yankho: ndinati anayamba awasalaza asanawadetse. Yachitatu ndinaiponya m'chitini cha mabawuti, mphamvu zoipala zitandithera.

Ndinamanga pampu, galimoto inalira bwino, mayi uja anapita akumwetulira. Kwa mnzanga sindinanene kanthu. Ndinati khoswe wa pamkhate sapheka, ndingosiya kugula kwake mwakachetechete. Koma m'mtima ndinkamuweruza tsiku ndi tsiku, ndipo akaimba foni kudzandipatsa moni ndinkayankha mwachidule ngati ndili ndi kasitomala.

Sipanathe masabata atatu. Galimoto ija inafera pakati pa msewu wafumbi kwa Nsamala itasenza matumba a chimanga, ogula akudikira ku tauni. Anachita kuikoka ndi thirakitala. Mayi uja anafika pa galaja chitenje atamanga m'chiuno, n'kunditsanulira mawu pamaso pa amakaniko anzanga onse ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Anati ndine mmisiri wa pakamwa, ndikatsegule galaja ya mawilibala. Anthu anaseka. Nditatsegula pampu ndinapeza mapulanja aja atakalikakalika, odyeka ngati agwira ntchito zaka khumi. Manyazi anandiwotcha nkhope, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo nthawi yomweyo. Funso loti mwina ndalakwitsa ndine silinandifike n'komwe. Ndinakulunga mapulanjawo m'nyuzipepala, m'mawa mwake n'kukwera minibasi ya ku Ulongwe.

Linali tsiku la msika. Ndinkadziwa kuti ndi tsiku la msika, ndipo sindinganame kuti zinangochitika. Pakhonde la shopu panali amakaniko anayi kapena asanu, ena odikira maminibasi atabisala dzuwa pomwepo. Sindinapereke moni. Ndinakhuthula zitsulo zija pa kauntala n'kufunsa mokweza kuti anazifukula pa dzala liti. Mnzangayo anazitola, kuzitembenuza, nandifunsa mwaulemu ngati ndinazipala. Ndinati eya ndinapala, ndinachotsa mwaye umene anabisira utsiru wake.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "wallahi, ndinagula zatsopano. Tiyeni tilowe m'katimu tikambirane awiri."

Akanandikalipira mwina ndikanazizira. Koma kufatsa kwakeko ndinakuona ngati mantha a munthu wogwidwa. Ndinatembenukira kwa anthu aja, n'kuwauza kuti aone munthu amene timamutama kuti alibe feki. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero akandibwerera ndimasiya kutafuna.

"Iwe ukufunga kudya, koma kuba sukufunga."

Mnzangayo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ulendo uno anandiyang'ana m'maso. Anavula kapu yake yoyera ya kumutu, kuipinda m'manja, n'kulowa kuchipinda chakumbuyo. Ine ndinatola zitsulo zanga n'kutuluka monyada ngati ndagwira mfiti.

Nkhaniyo inayenda mofulumira kuposa minibasi imene ndinakwera. Sabata isanathe inali m'kamwam'kamwa m'magalaja onse kuyambira ku Balaka mpaka ku Ntaja, ndipo aliyense ankathirapo mchere wake. Amakaniko ankabwera kudzandithokoza kuti ndawatsegula maso. Wina anakumbukira lamba amene anaduka msanga zaka zitatu zapitazo, wina beringi imene inalira. Zinthu zimene kale ankati ndi misewu yathu yoipa, tsopano zonse zinali za Myao wa pa Ulongwe. Ndivomereze kuti zinkandikomera. Manyazi amene mayi uja anandipaka anali atasamukira kwa wina. Mkazi wanga yekha ndiye anandifunsa kamodzi kuti munthu angakhale woona zaka zoposa makumi awiri n'kudzayambira kuba pa mnzake weniweni? Ndinamuuza kuti za zitsulo azisiyira eni ake. Ndikamadutsa pa Ulongwe ndinkaona khonde lija lili mbee, lopanda munthu, ndipo ndinkayang'ana mbali ina.

Panapita miyezi inayi. Mwana wanga woyamba uja anabwera ku holide. Ndi munthu wamkulu tsopano, anamaliza digiri ya sayansi ndipo nthawi imeneyo ankapitiriza maphunziro ake ku yunivesite, zimene ankafufuza ine sindinkazitsata. Ndinkangouza anthu kuti amaphunzira za zitsulo ngati bambo ake. Tsiku lachiwiri ananena kuti akufuna kukaona ankolo ake ku Ulongwe, mayi ake n'kumuuza zonse. Anabwera ku galaja nkhope itagwa, nandifunsa ngati zitsulozo ndinazisunga. Ndinamupatsa zodyeka zija. Anati iyayi, akufuna imene sindinaikhudze. Ndinavundula chitini cha mabawuti mpaka ndinaipeza pansi penipeni. Miyezi yonseyo inakhala ikukhulana ndi mabawuti, koma nditaipukuta inatuluka yakuda, yosalala, yopanda kakanda.

Anaiyang'ana pa dzuwa, kuitembenuza pang'onopang'ono, kenako anapuma mpweya wautali. Anandiuza kuti chakudacho si mwaye ndipo si penti. Ndi kakhungu ka kaboni kamene amachita kumeretsa pa chitsulo ku fakitale, ndipo zimene iye amafufuza kusukulu ndi tikhungu totere tomweti. Ndinaseka. Ndinati zangochitika bwanji kuti chinthu chimene chagwetsa ankolo ako chikhale chomwecho chimene iwe ukuphunzira? Ndinamufunsa ngati anayamba wadzera ku Ulongwe asanafike kunyumba, ndiponso ngati mayi ake anamutuma. Mwana wanga yemwe, wobala ndekha, ndinamuyang'ana ngati wamalonda wobwera ndi bokosi.

Sanakwiye. Anakhala pa benchi n'kuyamba kundifotokozera ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade faifi. Anati makala, mtima wa pensulo ndi dayamondi, zonsezi ndi chinthu chimodzi, kaboni, zimangosiyana m'mene tizidutswa take tagwiranirana. Mu pensulo kachidutswa kalikonse kamagwira anzake atatu, n'kupanga timapepala tosanjikizana timene timatsetsereka, n'chifukwa chake pensulo imalemba. Mu dayamondi kalikonse kamagwira anzake anayi, mbali zonse, n'chifukwa chake palibe chimene chimamukanda. Mu kakhungu aka, anati, magwiridwe onse awiri alimo, osakanikirana mopanda mizere, ndipo m'katikati muli mpweya wina wopepuka wotchedwa hayidirojeni. Hayidirojeniyu amatseka manja a kaboni amene atsala opanda chogwira, ndiye pamwamba pake sipamata chitsulo china, chimangotsetsereka ngakhale mafuta atachepa. Akachuluka kwambiri, kakhunguko kamafewa ngati pulasitiki. Akachepa, kamalimba zedi koma kamakhala kokokana m'kati mwake, moti ukakaunjika kochindikala kamasuwuka kokha. Ndiye amakaika kopyapyala, koti tsitsi limodzi likhoza kukaposa kuchindikala kambirimbiri. Mapampu a masiku ano amakankha mafuta ndi mphamvu imene chitsulo chamaliseche sichingapirire, anatero, ndipo chovala chake ndi chimenechi.

Ndinamufunsa za timizere tobiriwira tija, poti pamenepo ndiye ndinali ndi umboni. Anati kumapeto kakhunguko kamapyapyala kwambiri, kuwala n'kumaseweramo, monga muja dontho la dizilo limachitira likagwera pa chithaphwi. Chitsulo chopsa chimaonetsa mitundu yomweyo chifukwa nachonso chimamera kakhungu kake, koma ka dzimbiri la moto. Diso langa silinaname, anatero, koma linaona mitundu ya zinthu ziwiri n'kuziyesa chimodzi.

Ndinafunsa kuti amakameretsa bwanji. Anati amaika zitsulozo m'chimphika chotseka, n'kupopa mpweya wonse kutuluka, kenako amalowetsamo gasi pang'ono n'kumuswa ndi magetsi. Tizidutswa ta gasiyo timamenya chitsulo mwamphamvu n'kukhazikika, kamodzi pamwamba pa kanzake. Nditamva kuti gasi wake nthawi zambiri ndi yemwe uja timawotcherera zitsulo, ndinadumpha pa tayala. Ndinati wadzigwira wekha! Gasi ameneyo ukamuyatsa wopanda okosijeni amatulutsa chiyani? Si mwaye? Ndinakoka tochi ya gasi ya mmisiri wowotcherera wa pa galaja pathu, kuiyatsa lawi lofiira, n'kudetsa bawuti mpaka bii. Ndinamuonetsa monyadira kuti nachi chikhungu chako cha ku yunivesite.

Iye anangotambasula chala n'kupukuta bawutiyo. Mwaye wonse unatsalira pa chala. Anavomera kuti kaboni wake ndi yemweyo ndithu, pamenepo sindinalakwe, koma wa pa bawuti wangogwerapo ngati fumbi, sanagwirane ndi kanthu. Kenako anapempha mita yanga yoyezera magetsi. Anakanda pensulo pa pepala mpaka kuda kwambiri, kugunditsa nsonga ziwiri za mita, manambala anayenda. Anagunditsa pa pulanja yopala ija, mita inalira. Anagunditsa pa yakuda, mita inangoti chete. Anati chikanakhala mwaye kapena chitsulo chongopsa, nsongazo zikanaboola n'kufika pa chitsulo, magetsi n'kudutsa. Ndinati ndiye kuti ndi penti, penti nayenso salola magetsi. Anatola tupa pa benchi n'kundipatsa m'manja kuti ndikande ndekha. Ndinakanda. Tupa yanga, imene imadya chitsulo cha sipuling'i, inkangotsetsereka.

"Ababa," anatero, "munati munapala nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati masana onse.

"Chiyambireni ntchitoyi, mwaye kapena penti zinayamba zakutengerani masana onse?"

Ndinakhala pansi tupa ili m'manja. Zala zanga zinandiuza zoona tsiku lomwe lija pansi pa mtengo, zinachita kutupa pondiuza, koma ine ndinali nditaweruza kale. Akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Mnzanga anayenda mtunda kundipezera chinthu chenicheni, chabwino kuposa chilichonse chimene ndinagwirapo, nandipatsa ndi chenjezo lomwe. Ine ndinakhala masana onse ndikuchivula chimene chinkachiteteza, chitafa n'kupita kukamutcha wakuba pamsika. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana wanga, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinakumbukira khonde lija lopanda munthu.

Ngakhale pamenepo mtima wokayika sunafe msanga. Masiku awiri ndinkayendayenda ndikufunafuna pothawira. Ndinati mwina dizilo wa mayi uja anali wosakaniza ndi palafini. Mwana wanga anati zikhoza kutheka, koma kakhungu kaja amakaikira zomwezo, kuti chitsulo chipirire mafuta ouma. Ndinati nanga bwanji mnzangayo sanandifotokozere bwino? Mkazi wanga anayankha ali kuntchito yake, osatembenuka, kuti munthuyo anandipempha kuti tilowe m'kati tikambirane awiri, ndipo amene anakana ndine.

Loweruka lotsatira ndinagula nkhuku yamoyo, kuti akazinge yekha monga chipembedzo chake chimafunira, n'kunyamuka. Pa Ulongwe ndinapeza shopu yotseka. Wogulitsa tomato pafupi anandiuza kuti masiku ano amatsegula pa tsiku la msika pokha, masiku ena amakhala kumudzi. Ndinapitirira mpaka kwa Kawinga, minibasi kenako kabaza. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukonza khola la abakha. Anali ataonda. Njinga yamoto ija sindinaione, ndipo sindinafunse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anamugulira ndi mwana wake amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo anaigulitsa malonda ataima.

Anandilandira, anandiyalira mphasa, mkazi wake anabwera kudzandipatsa moni atagwada patali, osafunsa za kunyumba monga ankachitira kale. Ndinafotokoza zonse, za kaboni, za tupa, za mita. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndinalakwa, andikhululukire. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Kukhululuka ndinakhululuka kale, achimwene," anatero. "Sindikanatha kumaswali pamaso pa Mulungu ndili ndi inu pamtima. Koma mawu aja munawanenera kuti?"

Ndinati pa Ulongwe.

"Tsiku la msika. Lero mwabwera kudzawameza kuno, kumene akumva ndi abakha okha."

Ndinamvetsa. Tinagwirizana kuti tsiku la msika lotsatira ndikafike. Masiku apakatiwo ndinayenda m'magalaja, ndinaimba mafoni, kuitana aliyense amene anadzandithokoza kuti abwere pa Ulongwe, ndili ndi mawu. Ambiri anabwera, ndikuganiza ankayesa kuti ndagwira wakuba wina. Mwana wanga anali atabwerera kusukulu, ndiye ndinaima ndekha pakhonde paja, pulanja yakuda kudzanja lino, tupa kudzanja linalo. Mnzangayo anaima pakhomo la shopu, manja kumbuyo.

Ndinalankhula mokweza kuposa tsiku lija. Ndinati wakuba panalibe, panali mbuli, ndipo mbuliyo ndine. Ndinati katundu anali weniweni, ndinamuwononga ndekha ndi phala la mavalavu. Ndinayesa kufotokoza za kakhungu kaja, koma zimene mwana wanga ananena mosavuta, m'kamwa mwanga zinatuluka zopiringizika. Nditatchula hayidirojeni anthu anayang'anana. Nditati n'kolimba kuyandikira dayamondi, wina kumbuyo anafunsa kuti ngati shopu ino ikugulitsa dayamondi, bwanji mwiniwake akuyenda wapansi? Anthu anaseka. Ndinayendetsa pulanja ndi tupa kuti aliyense akande yekha. Anakanda, kugwedeza mitu, wina n'kunena kuti penti wa masiku ano ndi woopsadi. Ndinabwereza kuti si penti. Ankandiyang'ana mwachifundo, ndipo ndinaona m'maso mwawo chinthu chimene ndinkachidziwa bwino, chifukwa ndinawaphunzitsa ndine: ankafufuza chimene chabisala kuseri kwa mawu anga.

Anthu atayamba kubalalika, mmisiri wina wachikulire wa ku Ntaja, munthu amene timalemekezana, anandigwira dzanja n'kundikokera pambali. Sitinapite patali, tinaima pafupi ndi khomo lomwelo.

"Tamva, amisiri," anatero mokoma mtima. "Mwachita bwino, chinansi sataya chifukwa cha chitsulo. Mnzako akagwa umamufunditsa. Koma musadandaule, ife tikudziwa kuti zoona munanena ulendo woyamba uja. Munthu ngati inu simungalakwitse pulanja."

Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, ndinamugwira malaya. Iye anangondisisita paphewa n'kupita kukakwera minibasi. Nditatembenuka ndinapeza mnzanga ali pomwe paja, ndipo anali atamva zonse. Sanaonetse mkwiyo. Anandilandira pulanja ija m'manja, kuipukuta ndi mpango wake, n'kundibwezera.

"Mwaona, achimwene?" anatero. "Anthu amakukhulupirirani kwambiri."

Ndinayesetsa. Ndinabwereranso kumagula kwake chilichonse, ngakhale mawashala amene ndikanawapeza pafupi ndi galaja yanga. Aliyense wobwera kwa ine ndinkamutuma ku Ulongwe, ndipo ankavomera ndi mutu n'kukagula ku Liwonde. Makaniko mmodzi sangadyetse shopu. Mvula isanagwe anatseka, n'kubwerera kwa Kawinga kukalima mpunga, munthu amene manja ake anali atazolowera zitsulo kwa zaka zonse zija. Timaonana pa maliro ndi pa maukwati, amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za mwana wanga ndi maphunziro ake. M'chipinda muja munali shopu yake muli ometa tsopano.

Mwezi wathawu ndinali pa galaja ina ku Liwonde, kumene sakundidziwa nkhope. Amakaniko awiri ankakambirana za masipeya abodza, wamkulu akuchenjeza mnzake kuti asamakhulupirire munthu chifukwa cha kapu yoyera ndi mawu ofatsa. Anamupatsa chitsanzo cha Myao wina amene anali ndi shopu pa Ulongwe, amene ankadetsa mapulanja opsa n'kumagulitsa ngati atsopano. Anati akanapitiriza mpaka lero, pakanapanda mmisiri wina wochenjera wa ku Balaka amene anamugwira.